Suti ya a Misheck

Wadiropu ya m'nyumba mwa Lefina inali ya zitseko ziwiri, kalilole pakati. Adaigula mu 2008, chaka chimene fodya adagulidwa bwino moti ngakhale alesi adakhoma malata. Idachokera ku Santhe pa ngolo ya ng'ombe itakulungidwa ziguduli, ndipo kuti ilowe kuchipinda adachita kuzula felemu ya chitseko. Mbali ya kumanzere inali ya Lefina, ya kumanja ya amuna ake, a Misheck.

Munthu akadatsekula zitseko zonse ziwiri nthawi imodzi sakadafunsanso kuti banjali limakhala bwanji. Kwa Lefina zovala zinkakhala ngati fodya wodikira kupita ku okushoni. Mayiyu adasankha fodya zaka makumi anayi, ndipo manja ake sankadziwa njira ina yoikira zinthu: zakutha pansi, zovala tsiku ndi tsiku pa shelefu yapakati, zabwino pamwamba, mtundu ndi mtundu unzake, tsamba la fodya pakona iliyonse kuti njenjete zisayandikire. Pamwamba penipeni panali zitenje zisanu ndi ziwiri zatsopano, zina zikadali ndi pepala la m'sitolo. Mbali imeneyi inali ndi loko, ndipo kiyi wake ankakhala pa chingwe m'khosi mwa mwini wake.

Kwa a Misheck kunali ngati m'khola mwadutsa fisi. Bamboyu akavula malaya ankangowakunga n'kuponya mkati, kenako n'kukankha chitseko ndi bondo zisanagwe. Masokosi m'thumba la ovolosi, tayi m'nsapato, malaya a kutchalitchi pansi pa buluku la kumunda. Masiku oyambirira Lefina adayesapo kukonza, koma mwini wake adakalipa.

"Mbali yanga muisiye. Mukakonza inu, ine sindipeza kanthu."

Adaisiyadi, ngakhale mtima unkamuwawa nthawi zonse akamva chitsekocho chikutsekedwa ndi bondo.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinali pamalo pake kumbali imeneyo: suti. Yotuwa ngati nkhunda, ya mabatani atatu, yopachikidwa pa hang'ala m'pepala lake la pulasitiki. A Misheck adaigula ku Lilongwe chaka chomwecho cha wadiropu, ndipo adaivala kamodzi kokha, m'sitolo, poyesa. Chitseko chawo chinalibe loko, koma sutiyo sinkasowa loko. Pakamwa pa Lefina panali pokwanira.

"Ku ukwati wa mwana wa a Mphepo ndivala suti ija."

"Kufumbi kuja? Mukakhale nayo pa njerwa? Valani jekete."

"Lero kutchalitchi kuli mgonero, amake Mwavi."

"Mulungu amakudziwani ndi jekete lomwelo. Sunga khosi, mkanda uoneka. Tsiku lake lidzafika."

Lidafikadi. Mu Epulo, fodya ali m'zigafa, a Misheck adadwala chifuwa, adagonekedwa masabata atatu ku chipatala cha kuboma, n'kubwerako ali pa galimoto atafunditsidwa bulangete mpaka kumutu. Adzukulu osambitsa maliro atapempha zovala, kuchipinda kunalowa anthu awiri: Lefina ndi mlamu wake, a Fainess, mlongo wawo wa malemu. A Fainess atangotsekula chitseko cha kumanja, mulu wa zovala unawagwera kumapazi. Anaukankhira mkati momwemo, n'kutambasula dzanja kuti atsitse suti. Lefina anawagwira mkono.

"Imeneyo ayi, alamu. Tengani jekete."

"Mwati bwanji?"

"Suti yatsopano tikapatse chiswe? Mwavi akukwatira mu Ogasiti."

A Fainess anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ofiira ndi kulira. Anafukula jekete mumulumo, anatseka chitseko, anatenga luzi n'kumangirira chogwirira chake ku msomali wa pakhoma. Mwambo wake ndi umenewo: zovala za malemu sizikhudzidwa mpaka tsiku limene abale ake adzakhale pansi, kuziwaza madzi a mankhwala, n'kuzigawa pamaso pa onse. A Misheck adapita kumanda ndi jekete lawo lakale lija, lothetheka m'zigongono.

Tsopano luzi limenelo ndi limene linkamusowetsa mtendere Lefina. Iye sanali wa m'mudzimo. Adatengedwa chitengwa ali mtsikana, ndipo ngakhale adakalamba pomwepo, mawu pa zinthu za malemu anali a eni mbumba: a Yobe, mng'ono wawo wa a Misheck, ndi a Fainess. Ndipo Lefina ankadziwa mmene zimayendera. Chabwino cha munthu chimapita kwa mwana wa mlongo wake. Ana obereka yekha amatola zotsala, ngati nkhuku pa mtondo. Mwana wa a Fainess anali Grey, mnyamata wa njinga yamoto amene ankanyamula anthu pa Santhe masana, ndalamazo n'kuzimwera pomwepo madzulo. Pamene mwana wa Lefina, Mwavi, mphunzitsi wa pulayimale, amatomera mtsikana wa ku Nkhamenya, Elsie, wa m'banja la anthu oyang'ana mkamwini kuyambira kunsapato. Mwavi analibe suti. Lefina ankamuona kale m'maganizo ataima kutsogolo kwa tchalitchi ndi suti yobwereka, manja ake ofupika, akuchikazi akugwedezana zigongono.

Tsiku logawa analiika Loweruka, patatha mwezi. Lachitatu lake Grey anaimika njinga pakhomo, osazimitsa n'komwe, n'kusuzumira pa khonde pamene Lefina amasankha nyemba.

"Akazi anga, mwaswera bwanji?" Mwana wa mlongo amaloledwa kumucheza motero mkazi wa amalume ake, koma Grey ankazikonda mopitirira.

"Ndaswera. Zimitsa chinthucho, nkhuku zikuthawa."

"Suti ya amalume ija mukundisungira bwino? Njenjete zisaidye. Pa Santhe ponse akudikira kuti andione."

"Pita ukasambe kaye, ndiye uzikamba za suti."

Grey anaseka, anapotokola chogwirira, n'kumusiyira utsi ndi fumbi m'nyembamo.

Lachinayi m'mawa anthu onse anapita ku chigafa kukasankha fodya, chifukwa maliro kapena ayi, tsamba silidikira munthu. Lefina, monga wamasiye wosasudzulidwa, anatsala pakhomo. Anasesa, anatsuka mbale, anakhala pansi, anaimiriranso. Kenako analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Sanachedwe ndi kuganiza. Anayang'ana mfundo ya luzi mmene a Fainess anaimangira kuti adzaibwezere chimodzimodzi, anainyowetsa pang'ono ndi malovu, n'kuimasula. Chitseko chitangomasuka, mulu wonse unakhuthukira pansi: malaya, mabuluku, ovolosi, sikafu, nsapato imodzi, chipewa chopondeka. Fungo la a Misheck linadzaza chipinda, fungo la fodya ndi thukuta ndi sopo wotsika mtengo. Lefina anaima kaye, akupuma fungolo. Kenako anadzikalipira yekha mumtima kuti sinali nthawi ya zimenezo.

Anatsitsa suti, anaichotsa pa hang'ala, anaipinda bwinobwino m'pepala lake lomwelo, anatsekula mbali yake ndi kiyi, n'kuigoneka pakati pa zitenje zake zatsopano, zitatu pansi, zinayi pamwamba. Anatseka. Kiyi anabwerera m'khosi. Akadzafunsa adzanena kuti malemu adaibwereketsa munthu, sakudziwa kuti ndani. Phokoso lidzachitika tsiku limodzi, kenako lidzatha, ndipo mu Ogasiti anthu adzakhala ataiwala mtundu wake.

Chotsala chinali kubwezera mulu uja. Anawerama n'kutola malaya oyamba. Anali otembenuzika, mkono umodzi uli mkati. Anautulutsa. Poti wautulutsa, anawakung'untha. Poti wawakung'untha, anawapinda. Achiwiri anali a kolala yong'ambika, ndiye sakadakhala pamodzi ndi oyambawo; anawaika pambali. Buluku la kumunda linapita pansi. Tayi anatuluka m'nsapato. Masokosi anapezana ndi anzawo amene adasiyana nawo zaka zisanu zapitazo. Mutu wake unali ku Nkhamenya, ukuwerenga anthu odzaperekeza ukwati, koma manja anali pa ntchito yawo ya masiku onse. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri manja amenewo adaletsedwa kugwira mbali imeneyi, ndipo lero anaipeza popanda mwini woti akalipe. Pamene dzuwa linkafika pamutu, zovala za a Misheck zinali zitakhala m'magiredi atatu, zakutha pansi, zapakatikati pakati, zabwino pamwamba. Anathothola ngakhale tsamba la fodya pa kamtolo ka kuseri kwa chitseko n'kuika pakona iliyonse. Anabwerera m'mbuyo, anayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna ake mtima unakhala pansi. Anatseka, anamanga luzi mfundo yomwe ija, n'kupita kukatereka madzi.

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo. Amuna pa mipando ndi pa njerwa, amayi pa mikeka. Mwavi anafika m'mawa ndi minibasi, atavala malaya oyera ositidwa bwino, n'kukhala kumbuyo kwa a Yobe, abambo ake aang'ono. Grey anakhala pa njinga yake ngati pa mpando wa ufumu. Mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo atangoti ameni, a Fainess anatulutsa beseni la madzi a mankhwala ndi kanthambi kowazira, mkulu wa mpingoyo n'kuyang'ana kumbali ngati waona mbalame.

"Tiyeni, alamu," anatero a Fainess. "Mukatitsekulire chipinda."

Analowa awiri ngati tsiku lija. A Fainess anagwira luzi, anaona mfundo, anamasula. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, kudikira kuti mulu uwagwere. Chitseko chinatseguka. Palibe chinagwa.

Lefina anaona nkhope ya mlamu wake m'kalilole, ndipo pomwepo ndi pamene anazindikira chimene manja ake adachita.

A Fainess anayang'ana shelefu yapansi, yapakati, yapamwamba. Anatola tsamba la fodya pakona, analinunkhiza, analibwezera. Anagwedeza hang'ala yopanda kanthu ndi chala.

"Achimwene anga," anatero pang'onopang'ono, "amwalira ndiye aphunzira kupinda zovala."

"Alamu..."

"Zaka makumi asanu ndi limodzi ndawadziwa. Mayi athu adawalephera. Inu mudawalephera. Koma kumanda kuli sukulu yabwino, eti? Mwezi umodzi wokha, mpaka magiredi."

"Chitseko chinatseguka chokha, zinagwa pansi. Ndikadazisiya kuti makoswe agonemo?"

"Chinatseguka chokha, n'kudzimanganso luzi chokha. Nanga suti yatuluka yokha?"

"Adaibwereketsa."

"Liti? Ine ndinaisiya pano tsiku la maliro, inu mutandigwira mkono. Abwera usiku kudzaibwereketsa?"

Lefina, mayi amene sadasowepo yankho kwa mwamuna, kwa ogula fodya, kapena kwa abusa, anaima ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika.

"Kiyi," anatero a Fainess, atatambasula dzanja.

"Mbali iyi ndi yanga."

"Ndi yanu, inde. Mutsekula nokha muno tili awiri, kapena ndiitane a Yobe atsekule ndi chikwanje anthu akuona?"

Lefina anavula chingwe m'khosi. Anatsekula yekha, ananyamula zitenje zinayi za pamwamba, n'kupatuka. A Fainess anatenga suti. Sanaibise m'nsalu. Anainyamula m'manja awiri ngati mbale ya chopereka n'kutuluka nayo panja, Lefina akutsatira pambuyo ndi manja opanda kanthu.

Panja a Fainess sanakuwe. Zikadakhala bwino akadakuwa. Anagwada pamaso pa a Yobe n'kufotokoza ndi mawu otsika, aliyense akutchera khutu: luzi lamasulidwa, zovala zagwiridwa zisanawazidwe, suti yapezeka yagona pakati pa zitenje za namfedwa. Amayi a pa mikeka anayamba kung'ung'udza. Wina anati, "Mayo ine." Grey anaomba m'manja kamodzi.

"Akazi anga, mumandisungira m'kati mwenimweni! Chikondi chake chimenecho!"

"Khala chete iwe," anatero a Yobe.

A Yobe anali munthu wofatsa, wochedwa kuyankhula. Anavula chipewa, anachiika pa bondo, anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Alamu," anatero, "mwachitiranji zimenezi?"

Lefina anagwada pa mkeka, koma mutu sanaweramitse. Poti zaululika, anaona kuti bola anene zonse.

"Ndachitira mwana wanga. Fodya amene adagula suti imeneyi ndidasankha ndine, tsamba ndi tsamba, msana uwu. Ndaisunga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ilibe ndi kadontho komwe. Ndiye ndiione ikukwera njinga kupita kumowa pa Santhe, mwana wa mwini wake akukwatira ndi yobwereka? Mwambo wanu ndimaudziwa. Zabwino kwa ana a mlongo, zotsala kwa ana anga. Ndinati ndisadikire."

"Mukadadikira masiku awiri okha," anatero a Yobe.

Anatembenukira kwa anthu.

"Abale, ine ndi a Fainess ndi amene tinali kuchipatala tsiku lomaliza. Alamu anali atabwera kuno kudzatenga ufa. Achimwene anatiitana pafupi. Anati, njinga yakapalasa ndi nsapato mupatse Grey, zina zonse mugawane mmene mungaonere, koma suti mupatse Mwavi akwatirire. Tinavomera tonse awiri. A Fainess, ndikunama?"

"Simukunama," anatero a Fainess, maso ali pansi. "Ndinamuuza kale Grey kuti suti si yake. Zinazo amangowaputa alamuwa, mukumudziwa pakamwa pake."

Lefina anayang'ana a Yobe, kenako a Fainess.

"Nanga bwanji simunandiuze?" anatero. "Mwezi wathunthu ndikuvutika, inu mukudziwa?"

A Yobe anazungulitsa chipewa pa bondo. Amene anayankha ndi a Fainess.

"Adatiletsa eni ake. Anati, musawauze amake Mwavi mpaka tsiku logawa, mwanayo aivale pomwepo anthu akuona. Mukawauza msanga aitsekera kwawo, adzati ukwati ndi wa fumbi, asunge ya ubatizo wa mdzukulu." Anakweza maso. "Adaseka ponena zimenezo, alamu. Mpweya ukuwathera, koma adaseka. Ine sindinaseke. Ndinali nditawaona achimwene anga akupempha chovala chawo chomwe ngati mwana wopempha shuga, chaka ndi chaka. Ndipo mawa lake ndinawatulutsira jekete long'ambika ndi manja angawa."

Mbuzi inalira kuseri kwa nkhokwe.

Lefina anafuna kunena kuti adachita zonsezo posamala, kuti m'nyumba mopanda wosunga mumatha ngati mchere m'madzi, kuti pakadapanda iye wadiropuyo bwenzi idagulitsidwa chaka cha njala. Zonsezo zinali zoona.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Ndalakwa, ndilipira nkhuku kapena mbuzi, mmene munganenere. Koma mawu a malemu ndi amenewo. Mpatseni mwanayo suti yake."

Gogo wina wa pa mkeka, azakhali awo a malemu, anapukusa mutu.

"Sizitheka. Chovala cha malemu chagona m'nsalu za namfedwa asanasudzulidwe, chisanawazidwe. Mwana wotuluka m'mimba mwake achivale, akalowe nacho m'banja latsopano? Mukufuna mtsikana wa eni ake adzatupe miyendo?"

"Agogo, zimenezo n'zakale," anatero mkulu wa mpingo, koma ananena motsitsa, ngati munthu wongochotsa mlandu pakamwa pake.

A Yobe anakweza dzanja. "Tisakangane. Mwini nkhani ali pano, ndi wamkulu, ndi wophunzira. Mwavi, mwana wanga, suti ndi iyi. Bambo ako adakupatsa. Ukaitenga, ine sindikuletsa."

Lefina anatembenuka. Mwavi anali ataweramitsa mutu, zala zikukumba mzere wa buluku lake. Mayi ake anamuyang'ana ndi maso onse, kumuuza osayankhula kuti dzuka, tenga, zamankhwala n'zachabe, iwe ndi mphunzitsi.

Mwavi anaimirira.

"Abambo aang'ono, zikomo. Zotupa miyendo ine sindiziopa. Koma pano pali anthu makumi anayi, ndipo theka la iwo adzakwera lole kupita ku Nkhamenya. Ndidzaima kutsogolo, iwo kumbuyo akulozerana kuti suti ija ndi imeneyo, ija idabisidwa m'zitenje, ija adamana bambo ake m'bokosi. Akuchikazi adzamva tisanadule keke." Anayang'ana sutiyo. "Sindingaivale. Ndibwereka kwa mnzanga wa kusukulu."

"Mwavi!"

"Amayi, bambo anandipatsa pamaso pa abale awo. Inu mwandilanda." Ananena mosakweza mawu, n'kukhalanso pansi.

Zotsala zinayenda msanga, monga zimayendera zinthu zikaipa. A Fainess anatulutsa zovala zonse m'lichero ndi m'beseni, n'kuziwaza madzi aja. Ntchito yogawa inali yosavuta, chifukwa zinali zosankhidwa kale. A Yobe ankangotola pamwamba pa mulu uliwonse n'kutchula dzina. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti sadaonepo zovala za maliro zogawika bwino chotere, mnzakeyo n'kumutsina. Mwavi analandira chipewa chopondeka chija ndi malaya awiri. Suti inatsala yokha pa mkeka, m'pepala lake. Palibe ankaiyang'ana, kupatula munthu mmodzi.

"Ngati ilibe mwini," anatero Grey, "ine miyendo yanga ndi yotupa kale ndi njinga."

A Yobe anayang'ana a Fainess. A Fainess anayang'ana kumbali. A Yobe anakankha sutiyo ndi nsonga ya ndodo.

Grey anang'amba pepala ndi mano. Anavala jekete la sutiyo pamwamba pa sikipa ya mafuta a injini, buluku analikulunga n'kulimanga pa kaliyala ndi mphira. Jeketelo linamukhala ngati adamuyeza. Anadziyang'ana pa kagalasi ka njinga, anakonza kolala, n'kuliza injini.

"Akazi anga, mwasunga bwino. Ngati yatsopano!"

Fumbi la Meyi linanyamuka kumbuyo kwake n'kukhala pa mapewa otuwa aja asanafike ndi pa msewu pomwe.

Mwavi ananyamuka masana omwewo. Anatsanzika bwino, mwaulemu, ngati mlendo. Lefina anamupatsa nyemba m'jumbo, iye analandira ndi manja awiri, koma maso awo sanakumane.

Lolemba m'mawa, mwambo womusudzula utachitika dzulo lake, Lefina analowa kuchipinda n'kutsekula zitseko zonse ziwiri. Kumanja kunali mashelefu atatu opanda kanthu, hang'ala imodzi, ndi masamba anayi a fodya m'makona, akulondera zovala zimene kulibe. Anawasesera m'dzanja. Anapukuta matabwa ndi kansanza, chifukwa fumbi ndi fumbi, kaya mtima uli bwanji. Anaganiza zosamutsirako mabulangete kuti malowo asangokhala. Ananyamula limodzi, anaima nalo, n'kulibwezera pa bedi.

Kenako anayang'ana kumanzere, pamwamba. Zitenje zisanu ndi ziwiri. Chapansi penipeni chinali chobiriwira, cha maluwa achikasu, chimene a Misheck adamugulira tsiku lomwe adagula suti. Adabwera nacho akumwetulira, n'kunena kuti adzavalire limodzi. Lefina anachisolola. M'mapindo mwake mtundu unali utayamba kufwifwa, mizere yoyera yopingasana ngati malire a minda. Anamatula pepala la sitolo, anachikung'untha, anachimanga m'chiuno pamwamba pa diresi la kuntchito, n'kutuluka. Wadiropu anaisiya chitsegukire, kiyi ali pa loko.

Ku chigafa anthu anali atakhala kale m'mizere, milu ya masamba pakati pawo. A Fainess analiponso, chifukwa fodya wa malemu ndi wa banja lonse mpaka alowe m'belo. Onse anakweza mitu. Mkazi wa a Yobe ndi amene analephera kupirira.

"Koma alamu, chitenje chatsopano ku fodya? Kuli ukwati kuti? Chidetsedwa ndi phula la fodya chimenecho, silichoka."

Lefina anakhala pansi, pa dothi, pamalo pake pa masiku onse. Anakokera mulu wa masamba pamiyendo, pa maluwa achikasu aja, n'kutambasula tsamba loyamba pa bondo.

"Ndani wasakaniza lofiira ndi loyera apa?" anatero. "Patseni kuno. Mukuchedwa."